Pankeke imene agogo anaikana

Chikwangwani cha m'chipinda chodyera

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba pa nyumba ina kuno ku Northampton, ku England. Amene munagwirapo ntchito imeneyi mukudziwa kuti si kusambitsa ndi kudyetsa anthu kokha. Lero ukumeta munthu ndevu, mawa ukuimba nawo nyimbo zakale zimene sunazimvepo, mkuja akuti konza chikwangwani choika pakhoma. Ine chikwangwanicho chinandigwera mu February 2024, kutatsala sabata imodzi kuti lifike tsiku limene eni dziko amalitcha Pancake Day. Chaka chimenecho linali pa 13.

Pa nthawi yopuma ndinatsegula pulogalamu ina ya AI yojambula zithunzi pafoni, n'kulemba m'Chingelezi kuti ndikufuna chithunzi chokongola cha mapankeke ali patebulo. Mphindi isanathe chithunzi chinabwera. Mapankeke asanu ndi imodzi onenepa bwino, osanjikizana ngati njerwa, pamwamba kachidutswa ka batala kakusungunuka, manyuchi akutsetsereka m'mbali, pansi tizipatso tabuluu. Ndinachikonda. Ndinachipulinta, ndinalembapo tsiku ndi nthawi, n'kuchimata pafupi ndi khomo.

Madzulo ake ndinkakankha njinga ya agogo ena kupita nawo kokadya. Anali ndi zaka zoyandikira 90, ndipo matenda oiwalaiwala anali atawalowerera kwambiri. Masiku ambiri ankangokhala phee pafupi ndi zenera. Pa miyezi yonse imene ndinawasamalira, mawu amene ndinkawamva kwa iwo anali "zikomo" ndi "ayi" basi. Titafika pakhomo paja anakweza dzanja kuti ndiime. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anati: "Izi ndi za ku America."

Ndinawerama kuti ndimvetsetse. Anabwerezanso, mawu ali omveka bwino ngati a munthu wina: "Si zathu izi, mwana wanga. Zichotse."

Ndinachichotsa usiku womwewo.

Ndinkadya osayang'ana

Chimene chinandivuta n'chakuti pankeke ya ku England ndinali nditaidyapo kangapo konse. Ndinkaidziwa ndi pakamwa. Koma foni itandipatsa chinthu china, maso anga sanadandaule. Anachilandira ngati kuti pankeke ndi imeneyo.

Mawa lake ndinapita kukhitchini kukafunsa mayi amene amatiphikira, mbadwa ya konkuno. Anandisonyeza ndi manja. Ufa wa tirigu magalamu 100, mazira 2, mkaka mamililita 300, kamchere pang'ono. Palibe soda, palibe chofufumitsa chilichonse, n'chifukwa chake situpa. Ukasakaniza chimakhala chamadzimadzi kuposa phala la mwana, ndipo umachisiya kaye chikhazikike kwa theka la ola. Ndi chosakaniza chomwecho chimene amaphikira Yorkshire pudding, chakudya chimene amadyera limodzi ndi nyama yowotcha Lamlungu. Felempani itenthe kwambiri, mafuta angopakidwa, uthire chipande chimodzi n'kupendeketsa felempaniyo mozungulira mpaka pansi ponse pakutidwe. Pakatha mphindi umatembenuza, odziwa amachita kuiponya m'mwamba n'kuiwakha. Ikapsa umawaza shuga, kufinyira ndimu, n'kuikulunga ngati mphasa. Ena amathira manyuchi a m'chitini chobiriwira cha Lyle's, koma agogo ambiri a pa nyumba yathu amafuna ndimu ndi shuga, osati china.

Zonenepa zija ziliko ku Britain, koma ndi zina. Ku Scotland amaphika zing'onozing'ono zotupa, amazitcha drop scones. Ku Wales kuli crempog. Koma ya tsiku limeneli m'makomo ambiri a ku England ndi yopyapyala, yotambalala, yokhuthalako pang'ono poyerekeza ndi crêpe ya ku France.

Za tsikulo Akatolika ndi Aangilikani simufunika kuuzidwa zambiri. Ndi Lachiwiri limene mawa lake ndi Lachitatu la Phulusa, masiku 47 Pasaka asanafike. Dzina lake lenileni ndi Shrove Tuesday, lochokera ku mawu akale a Chingelezi okhudza kulapa machimo kwa wansembe. Kale pa Lenti anthu sankadya mazira ndi zamafuta, ndiye zotsala m'nyumba ankaziphika zithe tsiku limenelo. Ndi chakudya cha munthu amene akusesa m'khitchini kuti mawa ayambe kusala. Chithunzi changa chija chinali cha chakudya cham'mawa cha mu lesitilanti ya dziko lina.

Chifukwa chake makina anasankha America

Mwana wanga wamwamuna amaphunzira za makompyuta ku koleji. Nditamufotokozera, sanadabwe n'komwe.

"Amayi, makinawo sanalawepo pankeke. Amangodziwa zithunzi zimene anaonetsedwa ndi mawu amene analembedwa pansi pake."

Anandikhazika pansi n'kundionetsa pa kompyuta yake. Mapulogalamu ojambulawa anabuka kwambiri mu 2022: DALL-E 2, Midjourney, ndi Stable Diffusion imene inatulutsidwa mu August chaka chimenecho ndi kampani ya ku London yotchedwa Stability AI. Stable Diffusion inaphunzitsidwa ndi zithunzi zochokera m'nkhokwe ya bungwe la ku Germany lotchedwa LAION, imene inali ndi zithunzi zoposa 5 biliyoni zotoledwa pa intaneti, chilichonse ndi mawu ake. Ndiye tangoganizani: pa zithunzi zonse za pa intaneti zolembedwa kuti "pancakes", zingati ndi za mulu wonenepa wa ku America, ndipo zingati ndi za pankeke imodzi yopyapyala ili pa mbale ya agogo ku England? Mulu uja umajambulika bwino, umaima, umawala. Yopyapyala ija imangogona pambale, ndipo anthu amaidya isanazizire, alibe nthawi yoijambula.

Anandionetsanso mmene chithunzi chimabadwira. Chimayamba ngati timadontho tija timadzaza pa TV mlongoti ukagwa. Makina amachotsa timadonthoto pang'onopang'ono, maulendo 20 kapena 30, ulendo uliwonse akukokera chithunzicho kumene mawu ako akuloza. Ukangoti pankeke osawonjezera kanthu, amakokera kumene kuli anthu ambiri.

Ndinamufunsa ngati palibe njira yowaphunzitsira. Anati ilipo, imatchedwa LoRA. Njirayi inachokera kwa akatswiri a ku Microsoft mu 2021, poyamba inali ya makina olemba mawu, kenako anthu ojambula anaitengera. Susintha makina onse ayi. Umangopanga kafayilo kakang'ono kokhala ngati chigamba, kophunzitsidwa ndi zithunzi makumi awiri kapena atatu, n'kukapatsa liwu lake loitanira. Anthu amagawana timafayilo totere pa masamba a pa intaneti monga Civitai ndi Hugging Face. Tina ndi ta kajambulidwe ka penti yamadzi, tina timachititsa chilichonse kuoneka ngati chosemedwa pamtengo kapena choluka ndi ulusi. Ukalemba kuti "galimoto" ndi liwu lija, imatuluka galimoto yoluka.

"Ndiye titha kupanga ka pankeke ya agogo?"

"Titha, amayi. Koma muphika ndinu."

Loweruka la mapankeke

Tinagwirizana chinthu chimodzi poyamba: zithunzi zikhale zathu, osati zotola pa intaneti. Nkhani ya anthu ojambula kudandaula kuti ntchito zawo zinatengedwa osapemphedwa ndinali nditaimva, ndipo kampani ya Getty Images inakasuma Stability AI ku khoti ku London mu 2023 pa nkhani yomweyi. Sindinafune kukonza cholakwa china ndi zithunzi za eni ake.

Ntchitoyi inatitengera miyezi chifukwa cha mashifiti anga ndi mayeso ake. Loweruka lina ndinaphika mapankeke mpaka nyumba yonse kununkha batala, iye akujambula ndi foni. Yotambasula, yopinda pakati, yopinda kanayi, yokulunga, ya shuga, yonyowa ndi ndimu, ina ataiimika pazenera kuti kuwala kudutsemo.

Tsiku limenelo ndi pamene ndinaiona pankeke koyamba ndi maso. Ili ndi nkhope ziwiri zosafanana. Mbali imene imayamba kugona pa felempani imapsa mofanana, ndi timizere tofiirira tolukanalukana ngati nsalu ya lesi. Ukatembenuza, mbali yachiwiri simakhudza chitsulo paliponse, ndiye imakhala yoyererako ndi mawanga akuda apo ndi apo ngati kambuku. M'mphepete mumauma, mumapyapyala mpaka kuoneka timabowo. Ndipo yoyamba kuphika siituluka bwino nthawi zambiri, imakhala yotuwa ndi yolemera chifukwa felempani imakhala isanafike pake. Eni dziko amadziwa zimenezi, yoyambayo amadya wophika ali chiimire. Mwana wanga anafuna kuitaya. Ine ndinati aijambulenso.

Kuphunzitsa koyamba sikunayende. Chilichonse chimene tinkapempha chinkatuluka chili pa mbale yanga yoyera ya mzere wabuluu. Nyumba pa mbale, mtengo pa mbale, basi ya ku London pa mbale. Makina sankadziwa kuti pankeke ikuthera pati ndipo mbale ikuyambira pati, chifukwa pa zithunzi zonse ziwirizi zinali limodzi. Tinaphikanso Loweruka lina, n'kujambula pa thabwa, pa nsalu yakuda, pa pepala, mufelempani momwe. Ulendo wachiwiri mbale inasowa, panatsala khungu la pankeke lokha.

Chithunzi choyamba chabwino chinali cha nkhandwe. Ubweya wake unali lesi wofiirira uja, makutu opindika ngati m'mphepete mwa pankeke, pamsana shuga akuthwanima ngati chisanu cham'mawa. Tonse awiri tinangoti zii.

Olney

Mwana wamkazi wa agogo aja anali atandiuza kuti mayi ake anakulira m'mudzi wina pafupi ndi Olney, katawuni ka ku Buckinghamshire, ulendo wa theka la ola kuchokera kuno. Olney imadziwika ndi mpikisano wa mapankeke. Anthu akumeneko amati unayamba mu 1445, pamene mayi wina ali mkati mophika anamva belu la tchalitchi loitanira anthu kokalapa, n'kuthamanga felempani ili m'manja, epuloni ili m'chiuno. Mpaka lero amayi a m'tawunimo amathamanga mayadi 415, pafupifupi mamita 380, kuchokera pamsika kukafika ku tchalitchi cha St Peter and St Paul, atavala epuloni ndi duku, pankeke ili mufelempani. Unaima pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, wansembe wa kumeneko anaudzutsanso mu 1948, ndipo kuyambira 1950 amapikisana ndi amayi a tawuni ya Liberal ku Kansas, ku America, aliyense kuthamanga kwawo n'kuyerekeza nthawi.

Ndinawerengera zaka. Mu 1948 agogo anali kamtsikana ka zaka khumi ndi zingapo. Ndinauza mwana wanga kuti chithunzi cha chaka chotsatira chikhale chimenecho: msewu wa ku Olney, nsanja yosongoka ya tchalitchi kutsogolo, amayi akuthamanga, zonse za pankeke. Anayesa maulendo ambiri, chifukwa makina ankasokoneza manja ndi zigwiriro za mafelempani. Chimene tinasankha chinali ndi madenga a lesi wofiirira, makoma a mawanga, kumwamba kwachikasu chotuwa ngati mkati mwa pankeke, dzuwa lili kagawo ka ndimu, ndipo mumsewu shuga ali mbuu.

Pa 4 March 2025

Chaka chimenecho Pancake Day inali pa 4 March. Agogo anali atafooka kuposa kale. Sankapitanso kawirikawiri m'chipinda chodyera, ndipo ngakhale "zikomo" uja anali atayamba kusowa. Chikwangwani sindinachimate kaye pakhoma. Ndinalowa nacho kuchipinda kwawo m'mawa, nditawasambitsa ndi kuwapesa, n'kuchiika pa katebulo kawo ka pabedi.

"Agogo, ndabwera ndi china. Taonani ngati chili bwino."

Sanayankhe. Maso awo anali pa pepalalo, koma sindinadziwe ngati akuona. Ndinakhala pampando n'kudikira. Pa ntchito imeneyi umaphunzira kudikira, chifukwa munthu wa matenda awa ukamufulumizitsa umamutsekera khomo. Kunja kunkamveka ngolo ya tiyi ikudutsa. Panapita mphindi mwina zitatu.

Kenako chala chawo chinasuntha. Ine ndinkayembekezera kuti chipita pa nsanja ya tchalitchi, kapena pa amayi othamanga aja. Ndinali nditakonzeka kale kunena kuti "Ee, ndi ku Olney kumeneko." Koma chalacho chinakaima pa denga la nyumba ya kumanzere, n'kuyamba kutsata timizere tofiirira tija pang'onopang'ono.

"Mbali yoyamba," anatero.

Chala chinatsikira pa khoma la mawanga. "Iyi yatembenuzidwa."

Mtima wanga unagunda. Sindinalankhule, kuopa kudula ulusi. Chala chinapitirira mpaka pakona ya m'munsi, pamene msewu unkaoneka wotuwa ndi wolemera kuposa pena ponse. Anagogoda pamenepo kawiri, nkhope atakwinya ngati mayi amene wapeza mwana akuphika mosasamala.

"Felempani inali isanatenthe apa."

Inali pankeke yoyamba ija, imene mwana wanga ankafuna kutaya. Inalowa m'makina, inasungunuka m'menemo limodzi ndi zinzake, n'kudzatulukira pakona ya msewu wa ku Olney, ndipo agogo amene sankadziwanso dzina langa anaizindikira.

Ndinati, "Zoona agogo, ndinafulumira kuthira."

"Amayi ankati uzidikira mpaka utsi uyambe."

Atatero mawu anayamba kubwera, osati motsatana bwino, koma ankabwera. Anati dzira linali limodzi pa munthu sabata yonse, ndiye amayi awo ankabisa mazira m'kabati kuti akwane tsikulo. Anati nthawi zina ankaphika ndi mazira aufa a m'chitini, ndipo sizinkakoma. Anati ndimu anakhala zaka osaiona, ndipo tsiku limene inapezekanso amayi awo anaidula tizigawo tating'ono kuti aliyense alandire. Shuga ankawaza ndi zala, osati ndi supuni. Pambuyo pake ndinakawerenga ndipo zinali momwemo: ku Britain mazira ndi shuga zinkagawidwa mwa muyeso kuyambira nthawi ya nkhondo mpaka 1953, ndipo kugawa chakudya konseko kunatha mu 1954. Mbali yaikulu ya ubwana wawo inali mkati mwa zaka zimenezo.

Za mpikisano sananene kanthu. Ndinawafunsa kamodzi ngati ankapita kukaonera, anangondiyang'ana, n'kubwerera ku denga lija.

Namwino atavomereza, mayi wa kukhitchini anaphika imodzi yofewa, n'kubwera nayo yotentha. Ndinawaza shuga. Ndikuti ndifinye ndimu, agogo anagwira dzanja langa n'kulanda kagawoko. Manja amene tsiku lililonse ndinkachita kuwagwiritsa supuni anafinya ndimu okha, mozungulira, kuyambira m'mphepete kulowa pakati. Kenako anatenga foloko n'kuikulunga. Anadya theka.

Mawa lake sanakumbukire chilichonse. Ndikunena zimenezi kuti wina asaganize kuti chithunzi chinachiza munthu. Anabwerera pa zenera lawo, phee. Koma mwana wawo atabwera Lamlungu ndinamufotokozera za mazira a m'kabati, analira, anati nkhani imeneyo anali asanaimvepo.

Chimene chinasintha kwa ine

Kuyambira tsiku limenelo ndimawaopa makinawa pa chinthu chimodzi, ndipo si chimene anthu ambiri amanena. Chithunzi cha zala zisanu ndi chimodzi aliyense amachiona kuti n'cholakwika. Choopsa ndi chithunzi chokongola, chopanda chilema, chimene chaika chinthu cha anthu ambiri pamalo pa chinthu chako, iwe n'kuchimata pakhoma uli wokondwa. Ine ndinachita zimenezo. Pa anthu onse amene anadutsa pakhomo paja tsiku lija, ogwira ntchito ndi alendo, amene anakana anali munthu mmodzi, amene tonse tinkamuyesa kuti sakutsatiranso za dziko.

Ndimawayamikiranso pa chinthu chimodzi. Kuti tiwaphunzitse, ndinakakamizika kuyang'ana. Zaka zonse ndakhala kuno ndinali ndisanadziwe kuti pankeke ili ndi nkhope ziwiri. Kafayilo kathu kaja n'kabwino kufika pamene maso athu anafika Loweruka lija, osapitirira apo.

Ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati chakudya cha Angelezi, eni chinenero chimene makinawa amamva kwambiri, chikukwiriridwa chonchi, nanga chathu? Usiku wina ndinalemba kuti "zitumbuwa". Kunabwera tinthu tozungulira bwino, tosalala, tofanana tonse, tina towazidwa shuga woyera pamwamba, tili pa mbale ya mu hotela. Chitumbuwa chenicheni sichikhala chotero. Chimakhala chophwatalala, chosalingana ndi chinzake, chakuda m'mphepete chifukwa shuga wa nthochi amapserera m'mafuta, ndipo ukachinyema mkati mumaoneka timiyala ta mgaiwa. Ana athu obadwira kuno akadzafunsa makina kuti chitumbuwa n'chiyani, adzaonetsedwa chinthu china, ndipo sadzakhala ndi chifukwa chokayikira.

Zithunzi zochokera ku Zomba

Kuno nthochi zake si zomwezo, ufa wake si womwewo, ndiye ndinaimbira mng'ono wanga ku Zomba. Ndinamuuza kuti akamaphika zitumbuwa azindijambulira: chathunthu, chonyema, cha mbali iyi, cha mbali inayo, china m'chiwaya, china pa nyuzipepala, china m'beseni, ndipo asagwiritse mbale imodzi yokhayokha. Anandifunsa kuti achemwali, zithunzi zonsezi mudya? Ndinamufotokozera za agogo, anamvetsa.

Zinayamba kubwera pa WhatsApp, zisanu Loweruka lina, zisanu ndi ziwiri Loweruka linalo. Titafika pa 19, mwana wanga anati zatsala pang'ono kukwana. Usiku womwewo foni inalira. Anali amayi anga, atabwereka foni ya mng'ono wangayo. Anati aona zithunzi zimene zatumizidwa, ndipo zisanu ndi ziwiri zija ndizifufute.

"Bwanji amayi?"

"Nthochi zake zinali zisanapse bwino. Taona mtundu wakewo. Usaonetse anthu zimenezo. Ndiphika ndekha Lachisanu."